Chinsinsi chachiwiri cha ngwazi za m'makomiki

Kumayambiriro kwa chaka cha 1992, kampani ya Marvel ya ku America inatulutsa kope la nambala 106 la komiki yotchedwa Alpha Flight. Nkhani yake ndi ya Northstar, ngwazi ya ku Canada youluka komanso yothamanga ngati mphezi, imene inatola khanda lotayidwa m'zinyalala n'kuthamangira nalo kuchipatala. Madokotala anapeza kuti khandalo linabadwa ndi kachilombo ka HIV ndipo silikhalitsa. Northstar analitenga ngati mwana wake, analipatsa dzina loti Joanne, ndipo dziko lonse linamva chisoni. Kenaka kunatulukira bambo wina wachikulire, Major Mapleleaf, ngwazi yakale ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, atapsa mtima kwambiri. Mwana wake wamwamuna anamwaliranso ndi Edzi, koma panalibe amene anamulira chifukwa anali mwamuna wokonda amuna anzake, ndiye anthu ankati wadzifunira yekha. Awiriwa anagwirana, nkhonya zikulira, makoma akugumuka, ndipo ndewu ili mkati Northstar anauza mkuluyo kuti asamuphunzitse za mavuto a anthu otere chifukwa amawadziwa bwino. Anamaliza ndi mawu atatu a Chingerezi akuti "I am gay", kutanthauza kuti iyenso ndi mwamuna wokonda amuna anzake.

Kopelo linatha m'masitolo pasanathe sabata, manyuzipepala akuluakulu analemba za ilo, ndipo mpaka lero limatchulidwa ngati nthawi yoyamba imene ngwazi ya Marvel inanena poyera mawu amenewa. Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi zimene zinachitika mwezi wotsatira, ndi wotsatirawo. Nkhaniyo inangozilala. Alpha Flight inapitirira mpaka 1994 popanda kuikhudzanso kwenikweni, ndipo pamene Northstar anapatsidwa kankhani kakekake ka makope 4 chaka chomwecho, za chikondi chake sizinatchulidwe. Munthu anaulula, dziko linaomba m'manja, kenaka anam'bweza m'chipinda momwe anatulukamo n'kutseka chitseko. Kuti timvetse chifukwa chake zinatero, ndi chifukwa chake zakhala zikubwerezeka, tiyenera kuyamba ndi mmene makomiki amapangidwira.

Mwini ngwazi ndani

Ambiri a ife Batman, Superman, Spider-Man ndi Black Panther tinawadziwira m'mafilimu, koma kwawo kwenikweni ndi m'timabuku ta zithunzi totuluka mwezi ndi mwezi, ta masamba 20 kapena kupitirirako pang'ono. Makampani awiri ndi amene ali ndi pafupifupi ngwazi zonse zodziwika: DC, mwini wa Superman, Batman ndi Wonder Woman, ndi Marvel, mwini wa Spider-Man, X-Men ndi Avengers. Mlembi ndi wojambula amalembedwa ganyu. Ngakhale atapeka munthu watsopano kuchokera m'mutu mwawo, munthuyo ndi katundu wa kampani. Amalemba zaka ziwiri kapena zisanu, amachoka, kumabwera wina. Pamwamba pawo pali akonzi amene amavomereza kapena kukana chilichonse, ndipo pamwamba pa akonzi pali anthu oganiza za zidole, malaya a ana, masewera a pa kompyuta ndi mafilimu.

Nthano zimenezi sizitha. Superman anayamba mu 1938, Batman mu 1939, ndipo mpaka pano sanakalambe. Choncho chimene mlembi mmodzi wamanga, wotsatira wake akhoza kuchikulitsa, kuchinyalanyaza kapena kuchigumula, ndipo kunyalanyaza ndiye njira yosavuta kuposa zonse chifukwa sikufuna chilolezo cha wina aliyense. Mu buku la nthano wamba, mlembi akanena kuti uje amakonda uje, zatha, zikhala choncho mpaka kalekale. M'makomiki chilichonse chimakhala chamoyo pokhapokha ngati wina akuchikumbukira mwezi uliwonse.

Dokotala ndi chidindo

Chiletso chinayamba mu 1954. Chaka chimenecho Fredric Wertham, dokotala wa matenda a maganizo wa ku New York, anatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent, momwe ananena kuti makomiki akuononga ana ndi kuwasandutsa zigawenga. Mwa zina analoza Batman ndi Robin: mwamuna wolemera wosakwatira akukhala m'nyumba yaikulu ndi kamnyamata, ndipo anati ili ndi loto la amuna okonda amuna anzawo. Za Wonder Woman ananenanso zofanana nazo, kumbali ya akazi. Mu Epulo chaka chomwecho komiti ya Senate ya America inakhala pansi ku New York kumva za makomiki, ndipo Wertham anakaperekera umboni.

Boma silinakhazikitse lamulo. Makampaniwo ndi amene anachita mantha n'kudzimanga okha. Anapanga bungwe lotchedwa Comics Code Authority loti lizifufuza tsamba lililonse lisanasindikizidwe, ndipo komiki yovomerezeka inkaikidwa kachidindo koyera pakona ya chikuto, kooneka ngati sitampa ya kalata. Mphamvu ya kachidindoko inali pa malonda: amalonda ambiri ofalitsa magazini ankakana kunyamula komiki yopanda chidindo, ndiye yopanda chidindo inkangoolera m'nyumba yosungira katundu. M'malamulo a bungweli munali mzere woletsa chilichonse chimene iwo ankachitcha kugonana kopotoka, ngakhale kungokutchula mozungulira, ndipo aliyense ankadziwa amene akunenedwa. Mu 1956 DC inabweretsa Batwoman woyamba, Kathy Kane, mkazi wofunitsitsa kukwatiwa ndi Batman, ndipo olemba mbiri ya makomiki ambiri amaona kuti anabwera kudzatseka pakamwa anthu amene anamva mawu a Wertham. Malamulowa anafewetsedwa mu 1971 pa nkhani zina monga mankhwala osokoneza bongo, koma pa nkhani iyi anadikira mpaka 1989.

Zaka za kunong'ona

M'zaka 35 zimenezo anthu otere sanasowe m'makomiki. Analimo, koma ankalembedwa m'chinenero cha maso, chomveka kwa amene akudziwa kale. Ngwazi iliyonse imakhala ndi chinsinsi cha dzina lake lenileni. Ena anali ndi chinsinsi chachiwiri chimene ngakhale mlembi wawo sankaloledwa kuchitchula.

Northstar ndi chitsanzo chabwino. Anaonekera koyamba mu 1979 mu X-Men, m'nkhani ya Chris Claremont ndi John Byrne. Dzina lake lenileni ndi Jean-Paul Beaubier, wa ku Quebec, katswiri wa masewera otsetsereka pa chipale, munthu wamwano ndi wosachedwa kupsa mtima, wokonda mlongo wake wamapasa Aurora yekha basi. Byrne atayamba kulemba Alpha Flight mu 1983, anaganiza kuti Jean-Paul ndi wokonda amuna anzake, ndipo wakhala akunena kuti malamulo a chidindo ndi mkonzi wamkulu wa Marvel wa nthawiyo, Jim Shooter, sakanalola kuti zilembedwe poyera. Ndiye ankangoponya timiyala: apa mnzake wamwamuna wakale amene imfa yake inam'pweteka koposa, apo mawu oti akazi sachita nawo chidwi. Shooter yemweyo mu 1980 analemba nkhani m'magazini ya Hulk momwe amuna awiri anafuna kugwirira Bruce Banner, munthu amene amasanduka Hulk, m'bafa la nyumba yogona alendo. Mwana wa nthawi imeneyo amene ankadzifufuza m'masamba a Marvel anapeza chithunzi chimenecho chisanabwere china chilichonse chonena zoona za iye.

Mlembi wotsatira wa Alpha Flight, Bill Mantlo, anayamba kum'dwalitsa Northstar: chifuwa chosatha, mabala osapola. Munali m'kati mwa zaka za m'ma 1980, Edzi ikupulula amuna achinyamata ku New York ndi San Francisco, ndipo owerenga anaona komwe nkhani ikulowera. Koma inakhotetsedwa. Mu 1987 kunalembedwa kuti Northstar akudwala chifukwa mayi wake sanali munthu, anali wa mtundu wa timizimu ta m'nthano za ku Ulaya, ndipo thupi lake likulephera kukhala pa dziko la anthu. M'Chingerezi liwu lotchulira timizimu totere, fairy, ndi limodzi mwa mawu otukwanira amuna okonda amuna anzawo. Pothawa kunena choonadi, anathera pa mawu achipongwe. Pambuyo pake nkhani ya timizimuyo inafafanizidwa, n'kunena kuti linali bodza la Loki, mulungu wachinyengo wa m'nthano zomwezo.

Panalinso ena amene analembedwa mwaulemu ngakhale mobisa. Mu 1982 J.M. DeMatteis anabweretsa Arnie Roth mu Captain America, mnzake wa paubwana wa Steve Rogers (Captain America mwiniwake), amene ankam'teteza kwa ana ovutitsa anzawo Steve akadali kamnyamata kofooka. Arnie anali bambo wonenepa, wadazi, wopanda mphamvu zilizonse zodabwitsa, ndipo ankakhala ndi mwamuna wina dzina lake Michael. Liwu silinatchulidwe, koma mmene Arnie analirira Michael atamwalira sizinasiye funso. Ku DC, Byrne yemwe uja anapanga Maggie Sawyer mu 1987, mkulu wa gulu lina la apolisi a mu Metropolis, mzinda wopeka wa Superman, amene banja lake linatha, mwana anatengedwa ndi mwamuna wake, ndipo anali ndi mnzake wamkazi mtolankhani, Toby. Mbali inayi kunali Extraño wa 1988, wamatsenga wa ku Peru, wovala zamawangamawanga, wodzitcha azakhali, amene anaunjikidwa zonse zimene anthu amaseka nazo amuna otere. Iyeyu ankaoneka msanga kuposa onse, koma ankaoneka ngati choseketsa.

Chitseko chitatseguka

Malamulo atasintha mu 1989, DC ndi imene inayamba. Mu 1991, mu The Flash nambala 53, Pied Piper, chigawenga chakale chimene chinalapa, anauza Wally West, amene panthawiyo anali Flash, kuti ndi wokonda amuna anzake, ali pamwamba pa nyumba, m'kati mwa macheza wamba. Wally anadzidzimuka n'kuthawa, koma anabwerera, ndipo ubwenzi wawo unapitirira. Palibe khoma limene linagumuka. Ndimaikonda nkhani imeneyi kuposa ya Northstar chifukwa mlembi wake, William Messner-Loebs, anam'sunga Piper m'makope otsatira, ndi chibwenzi chake, ndi ndale zake, ndi nthabwala zake. Chidindo chenicheni chinali chitayamba kale kufooka, popeza makomiki ambiri tsopano ankagulitsidwa m'masitolo a makomiki okhaokha amene analibe nacho ntchito. Marvel inachisiya mu 2001, DC mu 2011, ndipo bungwelo linafa.

Koma chidindo chitachoka pachikuto chinatsala m'mitu ya akonzi. Mu 2003 Marvel inatulutsa nkhani ya Rawhide Kid, kauboyi wakale amene tsopano analembedwa ngati wokonda amuna anzake, ndipo inaikapo chenjezo loti ndi ya akuluakulu okha, ngakhale munalibe zolaula. Apollo ndi Midnighter, amene Warren Ellis ndi Bryan Hitch anapanga mu 1998 mofanizira Superman ndi Batman, anakwatirana mu 2002, koma zimenezi zinatheka chifukwa anali m'khola la pambali la DC lotchedwa WildStorm, kutali ndi ngwazi zimene zimasindikizidwa pa zikwama za ana a sukulu. Wiccan ndi Hulkling, anyamata awiri a mu Young Avengers ya Allan Heinberg ndi Jim Cheung, anali pa chibwenzi kuyambira 2005, aliyense akudziwa, koma anadikira mpaka 2012 kuti aoneke akupsompsonana, m'makomiki momwe Spider-Man ndi Mary Jane ankachita zimenezo popanda wodandaula.

Akazi awiri a ku Gotham

Ngati wina atandifunsa kumene nkhani imeneyi inalembedwa bwino koposa, ndingam'tumize ku Gotham, mzinda wopeka wa Batman, kwa mlembi Greg Rucka. Mu 2003, mu komiki ya apolisi yotchedwa Gotham Central, Rucka ndi wojambula Michael Lark analemba za Renee Montoya, wapolisi wofufuza milandu, mwana wa makolo ochokera ku Dominican Republic, a Katolika olimba, eni kagolosale. Renee sanaulule yekha. Chithunzi chake akupsompsonana ndi mkazi mnzake chinakhomedwa pa bolodi la ku ofesi, ndipo china chinatumizidwa kwa makolo ake. Anachita zimenezi ndi Two-Face, chigawenga chimene chinkam'funa, poganiza kuti akam'landa zonse atsala ndi iye yekha. Batman amaoneka pang'ono chabe. Nkhani yonse ili pa maso a apolisi anzake akamalowa m'chipinda, pa mchimwene wake amene ankadziwa kale koma ankam'pempha kuti asawauze makolo, ndi pa tsamba lomaliza pamene Renee akutuluka m'nyumba ya makolo ake atam'kana, n'kukalira m'galimoto mmene chibwenzi chake Daria chinkam'dikira. Nkhaniyi inapata mphoto ya Eisner mu 2004, imene ndi yaikulu kwambiri pa ntchito ya makomiki ku America.

Mu 2006 DC inadzutsa dzina la Batwoman, lomwe lija la 1956, koma tsopano mwini wake anali Kate Kane, Myuda, mwana wa msilikali, mkazi wokonda akazi anzake, amene kale anali pa chibwenzi ndi Renee. Mu 2009 Rucka ndi wojambula J.H. Williams III anam'patsa malo oyamba mu Detective Comics, komiki imene Batman anabadwiramo. Apa m'pamene anafotokoza chifukwa chimene Kate anavalira chovala cha mleme. Anali wophunzira wochita bwino pa sukulu ya asilikali ya West Point, nthawi imene asilikali a America anali ndi lamulo loti munthu wotere akhoza kutumikira pokhapokha atabisa, ndipo akadziwika achotsedwe. Wina anamunenera. Mkulu wake anamuitana mu ofesi n'kum'patsa njira yopulumukira: anene kuti kunali kulakwitsa chabe, sizidzachitikanso, ndipo nkhani ithera pompo. Kate anakumbutsa mkuluyo lumbiro la ophunzira a pasukulupo loti sanama. Anavula mphete ya sukulu, anaiika pa tebulo, n'kutuluka. Atafika kunyumba n'kuuza bambo ake, bamboyo, msilikali wa moyo wake wonse, anamuyankha kuti wasunga ulemu wake ndipo akum'nyadira.

Chimene chimapangitsa tsamba limeneli kukhala lamphamvu n'chakuti simungachotsemo chikondi cha Kate nkhani n'kutsala. Anakhala Batwoman chifukwa njira imene anasankha yotumikira dziko lake inatsekedwa. Mlembi wobwera pambuyo sangaiwale, chifukwa akaiwala ndiye kuti alibenso munthu woti alembe. Lamulo la asilikali lija linathetsedwa mu Sepitembala 2011.

Ngakhale Kate anakumana ndi khoma. Mu 2013, m'komiki yakeyake, anafunsira Maggie Sawyer, wapolisi uja wa 1987, amene tsopano ankagwira ntchito ku Gotham. Mu Sepitembala chaka chomwecho Williams ndi mlembi mnzake W. Haden Blackman analengeza kuti akusiya ntchitoyo chifukwa akonzi ankasintha nkhani zawo nthawi itatha kale, ndipo anawaletsa kuonetsa ukwatiwo. Dan DiDio, mmodzi wa akuluakulu a DC, anayankha kuti vuto silinali loti ndi akazi awiri, koma kuti ngwazi za m'banja la Batman siziyenera kukhala ndi moyo wachimwemwe kunyumba. N'zoona kuti nthawi imeneyo DC inali itafafaniza maukwati ambiri, ngakhale wa Superman ndi Lois Lane. Koma Superman ndi Lois anali atakwatirana kale pamaso pa owerenga mu 1996, ndipo panalibe wokayika kuti adzabwererana. Kwa Kate ndi Maggie kunalibe cham'mbuyo choti n'kubwererako.

Ukwati, maliro ndi kuiwalika

Northstar anapeza mwayi umene Kate anamanidwa. Atakhala zaka zambiri m'mphepete, ataphedwa ndi Wolverine mu 2005 n'kuukitsidwa monga zimachitikira m'makomiki, anakwatirana ndi Kyle Jinadu mu Juni 2012 mu Astonishing X-Men nambala 51, yolembedwa ndi Marjorie Liu. Mwambo unachitikira ku Central Park, patangotha chaka boma la New York litavomereza maukwati otere. Liu sanabise kuti si onse anakondwa: m'nkhanimo muli mnzawo wa m'gulu amene anauza Northstar kuti sabwera chifukwa sakhulupirira ukwati wotere. Panali patapita zaka 33 chibadwire munthuyu pa pepala, ndi zaka 20 chinenere mawu atatu aja.

Mwezi womwewo DC inalengeza kuti Alan Scott, Green Lantern woyamba wa 1940, m'nkhani yatsopano yotchedwa Earth 2 ndi mwamuna wokonda amuna anzake. M'kope lachiwiri tinaona Alan akukumana ndi chibwenzi chake Sam, akukwera naye sitima, akutulutsa mphete kuti am'funsire. Sitimayo inachita ngozi pomwepo, ndipo Sam anafa. Owerenga otere ali ndi dandaulo lakale loti anthu onga iwo m'nthano sachedwa kuikidwa m'manda, ndipo apa anaona chimodzimodzi. Wina akhoza kunena kuti m'makomiki aliyense amafedwa, makolo a Batman anaphedwa, amalume a Spider-Man anaphedwa. Inde. Koma pamene m'mudzi muli anthu zikwi, maliro amodzi sasintha mudzi. Pamene muli anthu asanu, amasintha.

Kusintha akale kapena kupanga atsopano

Mkangano umene ukutentha kwambiri masiku ano ndi uwu. Mu 2015 Brian Michael Bendis analemba kuti Iceman, mmodzi wa X-Men asanu oyambirira amene Stan Lee ndi Jack Kirby anapanga mu 1963, ndi wokonda amuna anzake, ngakhale kwa zaka zoposa 50 ankaoneka ndi zibwenzi zachikazi. Mu 2021 Tim Drake, Robin wachitatu, anavomera kukayenda ndi mnyamata mnzake Bernard, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho DC inalengeza kuti Jon Kent, mwana wa Superman ndi Lois amene panthawiyo ankanyamula dzina la bambo ake, amakonda amuna ndi akazi omwe. Manyuzipepala ambiri anangolemba kuti Superman, osafotokoza kuti ndi mwana, ndipo ambiri anakwiya ndi nkhani imene sanaiwerenge.

Otsutsa ali m'magulu awiri amene sitiyenera kuwasakaniza. Ena safuna anthu otere m'makomiki n'komwe, pa zifukwa za chipembedzo kapena chikhalidwe, monga gulu la One Million Moms limene linatsutsa ukwati wa Northstar. Ena amati alibe vuto ndi anthuwo, koma pangani ngwazi zatsopano, musasinthe amene tinakula nawo. Gulu lachiwirili lili ndi mfundo yomveka, ndipo ine ndimagwirizana nalo pa chinthu chimodzi: mmene Iceman anaululidwira sizinali bwino. Jean Grey, mnzake wa m'gulu la X-Men wotha kuwerenga maganizo a anthu, analowa m'maganizo ake popanda chilolezo n'kum'uza chimene iye anali asanakonzeke kunena, ndipo owerenga ambiri okonda amuna anzawo anadandaula za chimenecho. Koma malangizo oti pangani atsopano amaiwala mmene msikawu ulili. Owerenga amagula maina amene amawadziwa, ndipo ngwazi yatsopano, ya mtundu uliwonse, kawirikawiri imatha chaka chisanathe. Amaiwalanso kuti ngwazi zonse zazikulu zinapangidwa pamene chidindo chija chinkalamula kapena chisanabwere n'komwe, ndiye kunena kuti akale asakhudzidwe n'kulola Wertham kuti apitirize kusankha amene akhale patsogolo. Ndipo munthu amene wabisa mpaka ukulu, n'kukhala ndi zibwenzi zosakhalitsa, akubisala kuseri kwa nthabwala monga Iceman, alipo ndithu m'moyo weniweni. Sina Grace, mlembi amene ali wotero iye mwini, anaigwira bwino mbali imeneyi mu komiki ya Iceman ya 2017, makamaka pa zokambirana zake ndi makolo ake amene anali asanavomereze n'komwe kuti mwana wawo ali ndi mphamvu zachilendo.

Za msika zinaonekera bwino pa nkhani ya Wakanda, dziko lopeka la mu Africa la Black Panther. Mu 2016 Ta-Nehisi Coates anaika patsogolo Ayo ndi Aneka, asilikali awiri achikazi a gulu la Dora Milaje loteteza mfumu, amene amakondana ndipo anaukira ufumu poona kuti akazi a m'midzi akuzunzidwa mfumu ili chete. Roxane Gay ndi Yona Harvey analemba World of Wakanda yofotokoza chiyambi cha chikondi chawo. Inalandira mphoto, koma inali itathetsedwa kale pa makope 6 okha. Mu filimu yachiwiri ya Black Panther ya 2022, chikondi chonsecho chinatsala kamphindi kamodzi, Aneka akupsompsona Ayo pamphumi. Mafilimu amadya ndalama zochuluka ndipo amafuna misika ya dziko lonse, choncho amaika tizigawo tosavuta kudula. Pamene kampani inakana kudula, monga pa Eternals ya 2021 momwe ngwazi yamwamuna yotchedwa Phastos ili ndi mwamuna wake ndi mwana wawo, filimuyo sinaonetsedwe ku Saudi Arabia, Kuwait ndi Qatar. Ngakhale pepala lenilenilo likadali ndi adani: mu Sepitembala 2019 meya wa Rio de Janeiro, Marcelo Crivella, analamula kuti buku lokhala ndi chithunzi cha Wiccan ndi Hulkling akupsompsonana lichotsedwe pa chionetsero cha mabuku. Makope onse anagulidwa tsiku lomwelo, nyuzipepala ya Folha de S.Paulo inasindikiza chithunzicho pa tsamba loyamba, ndipo khoti lalikulu la Brazil linagamula kuti meyayo alibe mphamvu yotero.

Pali anthu awiri amene ndawasiyira kumapeto chifukwa anadikira kuposa onse. Mystique, mkazi wa khungu labuluu wotha kusanduka munthu aliyense, anaonekera mu 1978, ndipo Destiny, mayi wakhungu woona zam'tsogolo, anabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chris Claremont anawalemba akukhala nyumba imodzi, akulera limodzi mtsikana amene anadzakhala Rogue, mmodzi wa X-Men. Cholinga chake chinali choti ndi okondana, komanso kuti ndi makolo a Nightcrawler, ngwazi inanso ya X-Men, Destiny ngati mayi, Mystique atasanduka mwamuna ngati bambo. Sizinaloledwe. Chimene anakwanitsa ndi kuzembetsa liwu lachikale la Chingerezi, leman, lotanthauza wokondedwa, limene owerenga ambiri anayenera kukalifufuza mu dikishonale. Destiny anaphedwa mu 1989, chaka chimene malamulo a chidindo anasintha, ndipo anakhala m'manda zaka zoposa 30. Pakatipo, mu 2003, mlembi wina anam'patsa Nightcrawler bambo wina, chiwanda chotchedwa Azazel. Koma owerenga ena ndi olemba ena anasungabe zimene Claremont ankafuna. Destiny anaukitsidwa mu 2021. Mu 2023 Si Spurrier analemba kope limene Mystique akuuza Nightcrawler kuti amene anam'bereka ndi Destiny, ndipo bambo wake ndi iyeyo. Mu 2024 Marvel inatulutsa kope la ukwati wa akazi awiriwa, Nightcrawler ndi Rogue alipo.